KUWERENGA MTENGO WA MDADADA MAZIKO ASANAKUMBIDWE

Nkhani imene inakambidwa kwa mamembala pa msonkhano wa pachaka wa Bungwe ku Mbombwe

Pa nkhani zonse zimene zinali pa ndandanda wa msonkhano wa pachaka, imene inatenga nthawi yaitali koposa inali ya malo a Bungwe amene akhala opanda nyumba kufupi ndi msewu, pamodzi ndi maganizo a Komiti akuti pamalopo pamangidwe mdadada wa makomo anayi, kuti ndalama za lendi zizithandiza thumba la maliro ndi la odwala. Popeza ndalama zolowa m'ntchito imeneyi ndizo zopereka za mamembala za zaka zambiri, Komiti inachiona chanzeru kuitana mmisiri wina wachikulire, mbadwa ya boma la Chiradzulu, amene wagwira ntchito ya zomanga ku Limbe ndi ku Blantyre chiyambire unyamata wake, kuti alankhule anthu asanatsimikize kanthu. Mau ao alembedwa pano mofupikitsa pang'ono, kuti iwonso amene sanathe kufika awerenge ndi kulingalira.

Njerwa za ku Mbombwe

Atapereka ulemu kwa Mafumu, kwa Wapampando, ndi kwa amayi ndi abambo onse, Bambowo anayamba ndi kunena kuti munthu wolankhula za kumanga ali ku Mbombwe ayenera kutsitsa mau, pakuti dothi la kumeneko linaumbidwa njerwa agogo a ambiri okhala mumsonkhanomo asanabadwe. Anakumbutsa anthu kuti Abusa John Chilembwe, atabwerako ku maphunziro ao ku Lynchburg m'dziko la America, anakhazikitsa Providence Industrial Mission pamalo amenewa m'chaka cha 1900. Sanayambe ndi nyumba yaikulu ai. Anayamba ndi nyumba zazing'ono za sukulu ndi zopemphereramo, nathandizidwa ndi Abusa Landon Cheek amene anafika mu 1901, ndi Mayi Emma DeLany amene anafika mu 1902. Ndipo tchalitchi chachikulu cha njerwa, chimene mbiri yake inamveka kutali, chinatsegulidwa mu 1913, zitapita zaka 13 chiyambire ntchitoyo. Ngakhale anadekha chotero, zakazo zinali za njala ndi za kusowa kwa ndalama, ndipo ngongole zinawalemera akuluwo.

Tchalitchi chimenecho asilikali a Boma la Atsamunda anachigumula ndi zophulitsira mu Januwale 1915, nkhondo ya Chilembwe itabuka, ndipo mishoni inakhala yotsekedwa kufikira 1926, pamene Dr. Daniel Sharpe Malekebu ndi akazi ao anaitsegulanso. Iwonso anayamba pang'ono, namanga tchalitchi china patapita zaka. Ndiponso ndiwo anayambitsa Chiradzulu District Native Association mu 1929.

Bambowo anati sanatchule zimenezi kuti aphunzitse mbiri kwa eni ake a mbiriyo, koma kuti atolepo zinthu ziwiri. Choyamba, amene anamanga zokhalitsa ku Mbombwe anamanga pang'onopang'ono, monga mwa mphamvu ya manja ndi ya thumba. Chachiwiri, ngati ngongole inakhoza kuvutitsa anthu aakulu otere, Bungwe la anthu olima chimanga ndi nandolo lisaganize kuti lidzaipulumuka mwa mwai. Chifukwa chake mau ao onse anati ndi amodzi: nyumba imangidwe papepala kufikira msomali wotsiriza wa denga, khasu lisanagwe pansi.

Malo ayambe alongosoka

Iwo anati chinthu choyamba kuwerenga si njerwa ai, koma malo. Pa kalembera wa 2018 boma la Chiradzulu linapezeka ndi anthu oposa 350,000, chikhalirecho ndi boma laling'ono. Kotero malo opanda nyumba si malo opanda mwini. Kuno nthaka imayenda ndi mbumba, kuchokera kwa mayi kunka kwa ana ake aakazi, ndipo munthu amene walandira malo kwa mwamuna mmodzi yekha, alongo ake ndi mwini mbumba osadziwa, walandira mlandu. Anati anaonapo nyumba zitafika pa mazenera, ntchito n'kuima zaka zitatu chifukwa mdzukulu wa mwini munda wabwera kuchokera ku Joni kudzafunsa amene anagulitsa munda wa amake.

Tsono analangiza kuti pakhale kalata yolembedwa bwino, yokhala ndi dzina la Nyakwawa, la mwini mbumba, ndi la amayi a mbumbayo, ndi kuti malire aikidwe zikhomo za simenti pamaso pa oyandikana nawo onse. Anakumbutsanso kuti mu 2016 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo la malo a makolo, limene linayamba kugwira ntchito mu 2018 ndi kukonzedwanso mu 2022, lopereka njira yolembetsera malo otere kudzera m'makomiti a malo a m'midzi. Ndi kuti lamulo lina la chaka chomwecho cha 2016, la kakonzedwe ka malo omangapo, linafikitsa udindo woona mapulani a nyumba m'dziko lonse, osati m'mizinda yokha. Motero Mlembi apite ku Khonsolo kukafunsa zofunika asanagule kanthu, afunsenso kutalika kumene nyumba iyenera kutalikirana ndi msewu. Pakuti safunsa anadya phula. Kalata ya malowo ikhale m'dzina la Bungwe ndi osunga chuma chake, isakhale m'dzina la munthu mmodzi, angakhale wokhulupirika chotani, popeza munthu amafa ndipo ana ake sadziwa mapangano a pakamwa.

Kwa abambo amene ali pa chikamwini ndipo afuna kudzimangira okha mdadada, Bambowo anati ayambe akhala pansi ndi akazi ao ndi atsibweni a akaziwo, amvane za mwini wake wa nyumbayo ukwati ukadzatha kapena imfa ikadzalowa. Kukamba zimenezi kuli ndi manyazi tsiku limodzi; kusakamba kuli ndi misozi ya zaka.

Madzi ndi nthaka

Malo akalongosoka ndi anthu, atsala kulongosoka ndi madzi. Panalibe wofunika kumkumbutsa za namondwe wa Freddy wa mu Malichi 2023, ndi matope amene anatsika m'phiri nakwirira mudzi wa Mtauchira m'boma lomweli. Bambowo anati mmisiri wanzeru sayamba kuona malo m'mwezi wa Ogasiti, pamene paliponse pali pouma ndi pokongola. Amapita tsiku la mvula yaikulu, naima pomwepo ndi ambulera, kuti aone kumene madzi achokera ndi kumene apita. Amafunsanso amayi achikulire amene analimapo, pakuti iwo adziwa pamene pamatuluka kasupe m'dzinja.

Pambuyo pake pakumbidwe dzenje lakuya mita imodzi pa ngodya ziwiri za malowo. Likatuluka dothi la katondo lolimba, maziko wamba akwanira. Akatuluka makande, amene amang'ambika m'chilimwe ndi kufufuma m'dzinja, maziko ayenera kuzama ndi kulowetsedwa zitsulo, ndipo mtengo wake ukwera; n'kwabwino kuudziwa mtengowo lero kusiyana ndi kuuwerenga pa ming'alu ya khoma. Pakakhala chulu pafupi, chifukulidwe, ndipo mankhwala a chiswe alowe m'chiwerengero.

Ubwino ndi kuipa kwa mdadada

Pofotokoza chifukwa chake mdadada uli wotsika mtengo, Bambowo anajambula pa bolodi nyumba ya makomo anayi, khomo lililonse la zipinda ziwiri, chochezera kumaso ndi chogona kumbuyo. Khomo limodzi likhale la mamita 3 ndi theka m'mimba mwake ndi mamita 7 kunka kumbuyo. Nyumba yonse ikhale mamita 14 m'litali. Makoma onse akaikidwa pa mzere umodzi, la kumaso, la kumbuyo, a m'mbali awiri, atatu olekanitsa mabanja, ndi lapakati logawa zipinda, akwana mamita 77. Koma nyumba zinayi zomwezo zikamangidwa payokhapayokha, makoma ake akwana mamita 98. Mamita 21 otsalawo, pamodzi ndi maziko ake ndi pulasitala wake, ndiwo phindu la mdadada, ndiko kunena gawo limodzi mwa magawo asanu; ndiponso malo ochepa akwanira mabanja anayi.

Komatu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Khoma limene lapulumutsa ndalama ndilo limene anthu awiri osadziwana adzagona ataligundira, wina uku wina uko. Akuluakulu akumbukira nyumba za mizere za m'minda ya tiyi ku Thyolo ndi ku Mulanje masiku akale, ndipo ambiri aona midadada ina ya ku Ndirande ndi ku Bangwe, m'mene khoma lolekanitsa limathera m'munsi mwa denga, kotero kuti chifuwa cha mwana wa khomo loyamba chimamveka kufikira khomo lotsiriza, ndipo utsi, makoswe ndi moto zimayenda momwemo. Anati vuto limeneli si la kuno kokha: mzinda wa London utapsa mu 1666, lamulo lomangiranso mzindawo linaumiriza kuti nyumba zikhale za njerwa kapena miyala, ndi makoma olimba pakati pa nyumba zogundana. Choncho pa mdadada wa Bungwe khoma lolekanitsa likhale lochindikala ngati la kunja, ndipo likwere kufikira likhudze malata.

Anaonjeza kuti anthu amene Bungwe liyembekeza kudzakhalamo, aphunzitsi, antchito a chipatala, ndi ophunzira a ku Catholic University ya ku Nguludi imene inatsegulidwa mu 2006, asanafunse za utoto amayamba afunsa za chimbudzi, bafa ndi madzi. Mabanja anayi asapanikizane pa chimbudzi chimodzi. Zikhale ziwiri kapena kuposa, zotalikirana ndi chitsime mamita osachepera 30, ndi kunsi kwake kwa chitsimecho.

Chiwerengero cha zipangizo

Apa Bambowo anapempha Msungichuma kuti atenge cholembera. Makoma a mamita 77, otalika mamita 2.7 kunka kumwamba, akwana masikweya mita 208. Mipata ya zitseko ndi mazenera ichotsapo pang'ono, koma nsonga za makoma asanu okwera kudenga zibwezera pafupifupi chimodzimodzi, kotero chiwerengerocho chikhale chomwecho. Mabuloko a simenti a masentimita 40 m'litali ndi 20 m'msinkhu amalowa 12 ndi theka pa sikweya mita; ndiwo mabuloko 2,600. Mizere itatu ya m'maziko ifuna ena 580. Pa khumi alionse paonjezedwe limodzi la zosweka panjira ndi podula, ndipo onse pamodzi afika pafupifupi 3,500. Ofuna njerwa zootcha awerenge njerwa 50 pa sikweya mita ya khoma la njerwa imodzi, ndi 100 pa khoma la njerwa ziwiri. Nyumba yonse ya khoma lochindikala idzadya njerwa zoposa 25,000, ndipo chikombole chikakhala chaching'ono zidzaposa apo.

Za njerwa zootcha anachenjeza kuti mu 2018 Boma linaika malamulo oletsa njerwa zootchedwa ndi nkhuni pa zomanga za Boma, za mabungwe ndi za malonda, chifukwa cha kutha kwa mitengo. Ndipo aliyense woyang'ana mapiri a boma lino adziwa kuti uvuni wadya zambiri. Popeza mdadadawu ndi wa Bungwe ndiponso wa lendi, Mlembi akafunse ku Khonsolo ngati lamulolo liukhudza. Iwo eni anati akadasankha mabuloko, kapena njerwa za dothi losakaniza ndi simenti zopsinjidwa ndi makina, zimene sizifuna nkhuni.

Kunena za simenti, thumba lake ndi la makilogalamu 50. Konkire ya maziko, yosakaniza muyeso umodzi wa simenti, itatu ya mchenga ndi isanu ndi umodzi ya miyala, imadya matumba anayi ndi theka pa kiyubiki mita. Ngalande ya maziko ya mamita 77, yotambalala masentimita 60, yothiridwa konkire yochindikala masentimita 20, ifuna matumba 42. Pansi pa nyumba, masikweya mita 98, pothiridwa masentimita 7 ndi theka, pafuna matumba 33. Anati anthu aone bwino: matumba 75 atha, ndipo munthu wodutsa pamsewu sanaone khoma ngakhale limodzi. Apa ndi pamene ambiri amataya mtima nayamba kuchepetsa simenti, osadziwa kuti chimene abisa m'nthaka madzi adzachiulula. Pulasitala wa mbali zonse ziwiri, powerenga thumba limodzi pa masikweya mita 10, afuna matumba ena oposa 40. Ndipo yomangira mabuloko, ya malintala, ndi ya lamba wa konkire wozungulira nyumba pamwamba pa mazenera, iwerengedwe payokha pamodzi ndi mmisiri amene adzagwire ntchitoyo.

Denga la mbali ziwiri, lokhala ndi mthunzi wotuluka kunja masentimita 60 kuti mvula isamenye khoma, lifuna malata a mafiti 14. Ngati lata limodzi likuta masentimita 60 litalumikizidwa ndi linzake, mbali imodzi ifuna 25, zonse ziwiri 50. Anakumbutsa kuti pa geji ya malata nambala yaing'ono ndiyo yochindikala: geji 28 iposa geji 32 kulimba, ndipo wogula 32 chifukwa cha kutsika mtengo adzagulanso kawiri.

Pomaliza chiwerengerocho anatchula zimene anthu amaiwala, zimene anati ndizo zimagwetsa bajeti koposa njerwa: galimoto yonyamula katundu kuchokera ku Limbe, mchenga wa kumtsinje ndi miyala, amayi otunga madzi, matabwa a denga ndi mankhwala ake, misomali, mawaya omangira denga ku khoma, ndi malata a pamsonga, pepala la pulasitiki loletsa chinyontho, mafelemu, zitseko, maloko ndi magalasi, laimu, zimbudzi, mabafa ndi makhitchini, mlonda wa usiku, ndi ndalama zolumikizira magetsi a ESCOM. Zonse zikaphatikizidwa, paikidwe gawo limodzi mwa magawo khumi la zogwa mwadzidzidzi, ndipo gawo limenelo lisakhudzidwe pogula zokongoletsa.

Kwacha ndi thumba la simenti

Membala wina atafunsa kuti zonsezi zikwana ndalama zingati, Bambowo anakana kutchula nambala, nati nambala imene anganene ingakhale bodza miyezi itatu isanathe. Anakumbutsa kuti mu Meyi 2022 mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 25 pa 100, ndipo mu Novembala 2023 inatsitsidwanso ndi 44 pa 100. Munthu amene anasunga ndalama za malata 50 m'buku la banki anadzuka m'mawa ali ndi ndalama zosakwana malatawo, chikhalirecho palibe mbala imene inalowa m'nyumba mwake. Chifukwa chake buku la Msungichuma likhale ndi mizere iwiri: mzere wa zinthu, wolembedwa ndi inki chifukwa susintha, ndi mzere wa mitengo, wolembedwa ndi pensulo, woti uzikonzedwa mwezi ndi mwezi atafunsa m'masitolo atatu. Bungwe likafuna kudziwa pamene lafika, lisanene kuti lili ndi makwacha akutiakuti, koma linene kuti lili ndi malata angati mwa 50, ndi mabuloko angati mwa 3,500.

Kuchokera pamenepo anapereka langizo limene linadabwitsa ambiri, lakuti denga liyambe kugulidwa maziko asanakumbidwe. Malata, mafelemu, misomali ndi mabuloko zimakhala chaka osaonongeka zikasungidwa pouma, ndipo ndizo zimakwera mtengo kwacha ikagwa. Simenti yokha ndiyo yosasungika, pakuti imakoka chinyontho niuma m'thumba. Isagulidwe yoposa ya miyezi iwiri kapena itatu, ndipo isanjikidwe pa matabwa, osagunda khoma. Anati dziko lino ladzala ndi zipupa zopanda denga, m'mene mwamera mitengo ndi kugona mbuzi, ndipo pafupifupi zonsezo eni ake anayamba ndi mtima wabwino, nati za malata adzaziona akafika pamwamba. Anasimba za mphunzitsi wina wopuma ntchito amene anathira ndalama zake zonse za penshoni m'makomo asanu ndi limodzi nthawi imodzi. Makoma anafika pamwamba mu Novembala, ndalama zinatha, mvula ya zaka ziwiri inalowa m'njerwa, ndipo khoma la kumbuyo linagwa mwini wake akali moyo. Akadamanga makomo awiri ndi kuwafolera, bwenzi lendi yake itamanga enawo.

Dongosolo la ntchito

Motero analangiza kuti maziko a makomo onse anayi athiridwe nthawi imodzi, kuti nyumba idzakhale pa thanthwe limodzi yosang'ambika polumikizira. Koma makoma akwere a makomo awiri okha, afoleredwe, alowe anthu, ndipo kumapeto kwa khoma kusiyidwe mano olumikizira makomo otsalawo. Ntchito iyambe mvula itatha, mu Meyi kapena Juni, ndipo denga likhale litakhomedwa mu Okutobala, chizimalupsa chisanagwe. Ngati pofika Meyi malata ndi matabwa a makomo awiriwo sizinakwane, Bungwe lidikire chaka china osachita manyazi. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Konkire ndi mabuloko atsopano zithiriridwe madzi masiku 7, pakuti simenti imalimba ndi madzi, siilimba ndi dzuwa. Pansi pa nyumba pakwezedwe kuposa bwalo, ndipo matabwa a denga amangiriridwe ndi mawaya ozikika m'khoma, kuti mphepo ikadza isanyamule denga ngati chipewa.

Za amisiri anzao analankhula mosabisa, anthu naseka. Anati mmisiri ndi munthu, ndipo munthu wolandira malipiro onse ntchito isanayambe miyendo yake imalemera. Pangano lilembedwe pamaso pa mboni ziwiri, lotchula ntchito ndi mtengo wa gawo lililonse: maziko, kufika pa mazenera, kufika pamwamba, denga, ndi pulasitala. Gawo likatha ndi kuonedwa, ndipo lilipiridwe. Kachigawo kotsiriza kasungidwe kufikira mvula yoyamba itayesa denga. Asanamlembe ntchito, a Komiti akaone nyumba imene anamanga zaka zisanu zapitazo, osati ya chaka chatha. Komanso Bungwe lisamchedwetsere malipiro ake akagwira bwino, pakuti iyenso ali ndi ana. Zipangizo zigulidwe ndi anthu awiri a Komiti, malisiti aonetsedwe pa msonkhano, ndipo matumba opanda kanthu awerengedwe madzulo alionse.

Lendi ndi thumba la maliro

Pofika pa phindu, Bambowo anati chaka cha mwini nyumba chili ndi miyezi 10, osati 12: mwezi umodzi ndi wa khomo lokhala lopanda munthu kapena la wolephera kulipira, ndipo wina ndi wa kukonza maloko, magalasi, laimu ndi kukumba chimbudzi china. Komiti iyambe yafunsa lendi imene anthu amalipiradi pa nyumba zotere kufupi ndi mishoni, isalote ya ku Blantyre. Ndipo igawe mtengo wa nyumba yonse ndi lendi ya miyezi 10, kuti mamembala adziwe zaka zimene zidzapite ndalama zao zisanabwerere. Zakazo zikaoneka zambiri, anenedwe poyera lero lomwe, kuti pasadzakhale kung'ung'udza m'tsogolo. Ngongole ya katapila isayandikire ntchitoyi konse, pakuti chiwongoladzanja chake chimathamanga mwezi ndi mwezi pamene lendi imayenda pansi.

Ndipo apa anatsitsa mau, nanena chimene anati ndicho chinawadzetsa. Bungwe lilipo chifukwa cha tsiku limene membala wagona m'chipatala, kapena wamwalira kutali ndipo thupi lake lifunika kubwera kwao. Ndalama za tsiku limenelo zikalowa m'khoma losatha, ndipo uthenga wa maliro n'kufika mu Febuluwale, khomalo silidzagula bokosi, silidzalipira galimoto, silidzaphika nsima ya pa siwa. Tsono thumba la maliro likhale palokha, losabwerekedwa ngakhale kwa sabata imodzi, ndipo mdadada ukhale ndi thumba lakelake ndi buku lakelake. Mutu umodzi susenza denga, n'zoona, ndipo n'chifukwa chake Bungwe likhoza kumanga chimene munthu mmodzi sangathe. Koma mitu yambiri ikasenza denga isanapangane kumene ipita, denga limagwera pakati pao.

Mafunso ndi chigamulo

Amayi ena achikulire anafunsa ngati mamembala osowa ndalama angapereke manja m'malo mwake. Bambowo anayankha kuti kutunga madzi, kututa mchenga, kuswa miyala ndi kukumba maziko ndi ndalama ndithu, ndipo tsiku lililonse la ntchito yotere lilembedwe m'buku pa dzina la mwini wake monga chopereka, kuti wosauka asadzaoneke ngati mlendo pa nyumba imene anaisenzera madzi. Abambo ena anafunsa ngati sikungakhale kwabwino kumanga makomo asanu ndi limodzi a chipinda chimodzi, kuti lendi ichuluke. Anayankhidwa kuti makomo ambiri afuna zitseko, maloko ndi zimbudzi zambiri, ndi kuti banja lokhala m'zipinda ziwiri limakhalitsa ndi kusamala nyumba, pamene wa chipinda chimodzi amasamuka akangopeza pena.

Atatha kukambirana, mamembala anagwirizana zinthu zinayi: kuti Mlembi ndi Wapampando alongosole kalata ya malo ndi kukafunsa ku Khonsolo chisanagulidwe chinthu chilichonse, kuti anthu atatu akayendere malowo m'dzinja likudzali tsiku la mvula, nadzanene zimene aona, kuti Msungichuma atsegule buku la mdadada losiyana ndi la maliro, ndi kuyamba kugula malata monga ndalama zipezeka, ndi kuti maziko asakumbidwe kufikira msonkhano wa onse utaona ndi maso denga la makomo awiri lili m'nyumba yosungiramo katundu.

Wapampando anathokoza Bambowo m'malo mwa onse, nati Bungwe linaitana mmisiri kuti alimangire nyumba, ndipo mmisiriyo waliuza kuti liyambe ladikira. Koma kudikira kotere n'kotsika mtengo kuposa kugumula. Anthu anaomba m'manja, ndipo msonkhano unapitirira ku nkhani ya zopereka za chaka.